Takhala tikudya mbewu: mbiri ya kanema wofika ku Karonga ataperepeseka

Mu 1945 kampani ya Warner Bros ku America inatulutsa filimu yotchedwa Mildred Pierce, imene inatsogoleredwa ndi Michael Curtiz kuchokera m'buku la James M. Cain. Nkhani yake siyachilendo kwa Mmalawi aliyense. Mayi wina banja litatha anayamba kugwira ntchito yoperekera zakudya mu lesitilanti, nadzikoka mpaka kukhala ndi malesitilanti akeake, zonsezi pofuna kusangalatsa mwana wake wamkazi, Veda, amene ankachita manyazi ndi thukuta lomwe linkamudyetsa. Filimuyi imayamba ndi kulira kwa mfuti usiku m'nyumba ya m'mphepete mwa nyanja, mwamuna n'kugwa, ndipo woonera amakhala akufunafuna wakupha mpaka kumapeto. Joan Crawford analandira mphoto ya Oscar chifukwa chosewera mayiyo. Mafilimu a mtundu umenewu ounika za kanema a ku France, kuyambira ndi Nino Frank mu 1946, anawatcha film noir, kutanthauza filimu yamdima, chifukwa mdima ndiwo chida chake chachikulu. Wojambula wa Mildred Pierce, Ernest Haller, anaika theka la nkhani m'mithunzi: nkhope yowala mbali imodzi, chithunzithunzi cha munthu chikukwawa pakhoma, kuwala kwa madzi kukuvina kudenga. Filimu yotere ikakoperedwa pa tepi yotopa, mdima wonse uja umasanduka matope. Mawu amamveka, anthu amaoneka akuyenda, koma chimene wojambula anafuna kunena chimakhala chitafufutika.

Ndayamba ndi filimu yakutaliyi chifukwa ikuunikira bwino nkhani yathu. Pafupifupi zaka 90 tsopano, anthu a m'boma la Karonga, monga Amalawi ena onse akutali ndi mizinda, akhala akuonera kanema amene amawapeza atadulidwadulidwa, atakalikakalika kapena atakoperedwa kambirimbiri. Mfundo yanga ndi yakuti chizolowezi chimenechi chatiphunzitsa kuona filimu ngati tomato wa pamsika, wodya lero mawa n'kutaya, ndipo maganizo amenewa, omwe kale ankangotimana kukoma kwa mafilimu a eni, lero akutiphera mafilimu athuathu. Ubwino wa kope si nkhani ya anthu okhuta. Ndi nkhani ya ngati zidzukulu zathu zidzakhale ndi choonera chonena za ife.

Kanema anafika m'madera a kumudzi kuno atakwera lole. Pakati pa 1935 ndi 1937, bungwe la International Missionary Council, ndi ndalama za Carnegie Corporation, linayendetsa ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment. Major L. A. Notcutt ndi Geoffrey Latham anakhazikitsa malo ojambulira ku Vugiri, m'mapiri a Usambara ku Tanganyika, napanga mafilimu okwana ngati 35 ophunzitsa za ulimi, ukhondo, msonkho ndi kusunga ndalama. Anawayendetsa pa lole m'maiko a Tanganyika, Kenya, Uganda, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Pofuna kuchepetsa ndalama anajambula pa filimu yaing'ono ya mamilimita 16, ndipo mawu sanali pa filimupo koma pa mbale za galamafoni, m'zilankhulo zingapo kuphatikizapo Chinyanja ndi Chitumbuka. Choncho chithunzi ndi mawu zinkayenda chilichonse njira yake, kudalira dzanja la woonetsa. Maganizo amene anali pansi pa ntchitoyi anali akuti Mwafirika safuna chithunzi chabwino, bola chiziyenda. Ngakhale akuluakulu ena a boma lachitsamunda anadandaula kuti mafilimuwo anali osapangidwa bwino. Mwa onse aja, atatu okha ndi amene akudziwika kuti alipobe, ndipo ali ku British Film Institute ku London. Ena onse, pamodzi ndi nkhope za makolo a kuno ku Africa amene anasewera m'menemo, anapita.

Mu 1948 kunabwera Central African Film Unit, imene likulu lake linali ku Salisbury ndipo inkatumikira maiko atatu: Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Pofika 1963 inali itapanga mafilimu mazana angapo. Filimu inkachoka ku Salisbury, n'kufika ku Zomba kapena ku Blantyre, kenako n'kuyamba ulendo wa maboma pa galimoto ya kanema yokhala ndi jenereta ndi chinsalu. Aliyense wodziwa mapu a dziko lino aona kumene Karonga waima pamzere umenewu: makilomita oposa 800 kuchokera ku Blantyre, kuseri kwa zitunda zimene masiku amenewo galimoto zinkakwera movutikira, mwakuti katundu wambiri ankadalira sitima ya panyanja. Filimu ya pulasitiki imakalika nthawi iliyonse ikadutsa m'makina, imaduka n'kumatidwa, ndipo pomata paliponse pamatayika tizithunzi tingapo. Wokhala kumapeto kwa msewu ndiye amalandira nyenyeswa. Amuna a ku Karonga amene anapita kukagwira ntchito ku migodi ya golide ya Lupa ku Tanganyika, ku Copperbelt kapena ku Joni anakaonera mafilimu a azibambo okwera akavalo a ku America m'makomponi, koma nawonso ankawapeza atadutsa pa lumo la ofufuza achitsamunda, amene ankachotsa chilichonse choonetsa mzungu akumenyedwa kapena mkazi wachizungu akukumbatiridwa. Wolemba mbiri Charles Ambler anasonyeza kuti ku Copperbelt mafilimu ena ankadulidwa mpaka nkhani yake kusowa mutu ndi mchira, ndipo oonera anazolowera kusangalala ndi nkhonya, akavalo ndi zipewa, nkhaniyo n'kumadzipangira okha.

Ufulu wa 1964 sunachotse lumo lija. Unangolipatsa mwini watsopano. Lamulo la 1968 loyang'anira zosangalatsa linakhazikitsa bungwe lofufuza mabuku, nyimbo ndi mafilimu, ndipo mu ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda zopsompsonana, zovala zazifupi ndi ndale zokayikitsa zinkadulidwa filimu isanafike ku nyumba za kanema monga Apollo ku Blantyre. Taganizirani filimu ngati Mildred Pierce, imene mtima wake ndi chigololo, nsanje ndi kuphana, itadutsa pamenepo. Chachikulu kuposa apa n'chakuti dziko lino linakhala lopanda wailesi yakanema yakeyake mpaka 1999, pamene Television Malawi inayamba kuulutsa. Kwa zaka 35 munthu wa ku Kaporo, ku Nyungwe kapena ku Chilumba ankaona zithunzi zoyenda makamaka galimoto ya boma ikabwera kudzaonetsa maulendo a Ngwazi, kapena alangizi a zaulimi ndi azamipingo akabwera ndi zawo.

Chimene chinasintha zinthu ndi tepi ya vidiyo. Kampani ya JVC ya ku Japan inatulutsa VHS mu 1976, ndipo pofika zaka za m'ma 1990 deki, sikirini ndi jenereta zinali zitalowa m'matauni ang'onoang'ono a dziko lino. Apa Karonga anatembenuka: boma limene linali kumchira kwa msewu wochokera ku Blantyre linakhala khomo la katundu wochokera ku doko la Dar es Salaam, kudzera ku Mbeya, Kyela ndi chipata cha Songwe, chimene chili makilomita ngati 45 kuchokera pa boma. Pamodzi ndi zitenje ndi ziwiya, munjira imeneyi munadutsa madeki, matepi, kenako zimbale. Vidiyo sho inabadwa: chipinda chotchingidwa ndi mphasa kapena zofunda kuti kuwala kusalowe, mabenchi a matabwa, sipika yolozetsa kunja kuti iitane odutsa, ndi bolodi lolembedwa ndi choko. M'menemo munalamulira Bruce Lee, Chuck Norris, Rambo ndi mafilimu a Amwenye. Mu 1992 ku Nigeria kunatuluka Living in Bondage, imene inagulitsidwa pa tepi osadzera m'nyumba ya kanema, ndipo inatsegula njira ya mafilimu a ufiti, chuma ndi mabanja amene Amalawi anawakonda msanga. Pambuyo pake anabwera a ku Tanzania a Steven Kanumba, amene anamwalira mu 2012, ndipo kwa anthu a m'malire amene ambiri amamva Chiswahili pambali pa Kyangonde ndi Chitumbuka, amenewa sanafune womasulira.

Tiyenera kuipatsa ulemu wake vidiyo sho, chifukwa ndiyo inayamba kupatsa munthu wamba mpata wosankha choonera popanda DC kapena wachipani kumusankhira. Koma tionenso chimene inkaonetsa. Tepi ya VHS, ngakhale yatsopano, imasunga kachigawo kochepa chabe ka zimene zili pa filimu ya mamilimita 35. Ikakoperedwa kuchoka pa deki ina kupita pa ina imataya zina, kope la kope limatayanso, ndipo pofika m'badwo wachinayi mitundu imakhala itasefukira kunja kwa nkhope ngati utoto wonyowa. Chimbale cha VCD, chimene chinabwera mu 1993, chithunzi chake n'cha timadontho 352 m'lifupi ndi 288 m'litali, ndipo pamalo amdima chimasweka kukhala timabokosi. DVD inali yabwino kwambiri, koma imene inadzaza misika yathu inali ya mafilimu khumi kapena makumi awiri othithikizidwa pa chimbale chimodzi. Lero achinyamata obena amaika filimu pa memore khadi kapena pa fulashi ataifinya kuti ikwane pa foni, ndipo omasulira m'Chichewa amatsitsa mawu a eni ake n'kuikapo awo, nthawi zina ndi nthabwala zokometsera zimene zakhala luso palokha. Makina asintha kanayi kapena kasanu, koma chimene chimafika m'maso mwa woonera chikadali chotsalira.

Wina anganene kuti zonsezi n'zodandaula za anthu ophunzira, pakuti woonera amafuna nkhani, ndipo nkhani imapulumuka ngakhale chithunzi chitafa. M'mawu amenewa muli choonadi. Anthu analira ndi kuseka m'mavidiyo sho, ndipo misozi yawo sinali yabodza. Koma filimu si nthano ya pamoto imene mawu okha amakwanira. M'filimu, kumene munthu waima, chimene chili kumbuyo kwake, diso limene laphethira pamene mnzake akulankhula, zonsezi ndi nkhani. Mu Mildred Pierce, woonera amene sangaone nkhope ya Veda pamene mayi ake akudzikhuthula amamva nkhani ya mwana wamwano chabe, pamene filimuyo ikunena za mayi amene chikondi chake chinalera chilombo. Ndiponso pali chotayika china chimene sitichiwerengera: mnyamata amene wakula akuonera matope sadziwa kuti kuwala kumalankhula, ndipo tsiku limene adzagwire kamera adzajambula anthu ataima pamzere masana dzuwa lili paliwombo, n'kumadalira kukuwa kuti nkhani imveke. Mlimi amene sanaonepo munda wosamalidwa bwino sadziwa chimene munda wake ukusowa.

Wina anganenenso kuti pakanapanda okopera mwakuba, Karonga sakanaonera kanthu, popeza palibe kampani ya ku Hollywood imene inaganizapo zodzagulitsa chimbale chenicheni pa mtengo umene msodzi wa ku Ngara angakwanitse. Izinso n'zoona, ndipo sindikuona chifukwa chomulirira Rambo. Eni ake ali ndi nkhokwe zawo, kope lawo loyamba lili pabwino. Vuto limayamba pamene njira yomweyo yagwira filimu ya Mmalawi. Shemu Joyah anapanga Seasons of a Life, nkhani ya mtsikana wantchito amene anapatsidwa mimba ndi bwana wake, nataya mwana m'manja mwa banjalo, kenako n'kudzamumenyera kukhoti ataphunzira. Ndi nkhani ya umayi ndi kusiyana kwa opeza ndi osowa, ya fuko limodzi ndi Mildred Pierce, ndipo mu 2010 Tapiwa Gwaza analandira nayo mphoto ya Africa Movie Academy Awards. Joyah anatsatiza The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017, ndipo Joyce Mhango Chavula anapambana mphoto ya Africa Magic mu 2016 ndi filimu yake Lilongwe. Wopanga wotere akatulutsa chimbale, mawa lake chili kwa obena. Ndalama imene akanapangira filimu ina, kapena kusungira bwino imene wapangayo, sibwerera. Bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, lalimbana ndi zimenezi, ndipo lamulo la zokopera linakonzedwanso mu 2016, koma kuthamangitsa wobena sikusunga filimu. Zimenezi ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo yachiwiriyo ndi imene ilibe mwini.

Mlimi wa mpunga wa Kilombero ku Hara kapena ku Lufilya amadziwa kusiyanitsa mpunga wodya ndi wa mbewu. Wodya angaugulitse, angaupatse alendo, ungathe. Wa mbewu amausankha, nauika padera, ndipo ngakhale njala itavuta saukhudza. Kope loyamba la filimu, lija lochokera m'kamera ndi pa kompyuta ya wolumikiza, ndiyo mbewu. Mildred Pierce ikuoneka lero ngati yajambulidwa dzulo chifukwa mbewu yake inasungidwa: mu 1996 inalowa m'kaundula wa mafilimu otetezedwa wa Library of Congress, ndipo mu 2017 kampani ya Criterion inaitulutsanso itakonzedwa kuchokera ku filimu zakale zosungidwazo. Asatinamize munthu kuti Amereka anabadwa ndi nzeru imeneyi. Mu 1937 nkhokwe ya kampani ya Fox ku New Jersey inapsa ndi mafilimu ake ambiri akale, ndipo kafukufuku wa Library of Congress wa 2013 anapeza kuti mafilimu aatali opanda mawu a ku America okwana 70 pa 100 aliwonse anatayikiratu. Filimu ina ya 1945 ya mtundu womwewu, Leave Her to Heaven, yotchuka chifukwa cha mitundu yake, inataya makope ake oyambirira pamene kampani ya Fox yomweyo inawataya m'zaka za m'ma 1970, ndipo akatswiri akhala akuvutika kubwezeretsa mitunduyo kuchokera ku zotsalira. Iwo anaphunzira atapsa. Martin Scorsese anayambitsa The Film Foundation mu 1990, ndipo mu 2017 bungweli linagwirizana ndi UNESCO ndi chitaganya cha opanga mafilimu a mu Africa kuti akonzenso mafilimu 50 a kontinenti ino. Koma wokonza amakonza chimene chilipo. Madzi akatayika saoleka.

Pali yankho limene achinyamata amapereka msanga: zonse zili pa intaneti. Kunena zoona YouTube yapulumutsa zambiri, ndipo amene akufuna kuona Izeki ndi Jakobo, tsopano pamene owasewera, John Nyanga ndi Eric Mabedi, onse anatisiya, amathamangira kumeneko. Koma taonani chimene chilipo. Nthawi zambiri ndi kope lochotsedwa pa chimbale chokalika, lofinyidwanso poliika pa intaneti, lopanda chaka, lopanda maina a osewera, loikidwa ndi munthu wosadziwika amene akaunti yake ingatsekedwe mawa. Imeneyo si nkhokwe. Ndi msika, ndipo mwini msika ali ku California. Chimbale chobena nachonso sichikhalitsa, hadi diraivi imafa osatsanzika, ndipo kutentha ndi chinyezi cha m'mphepete mwa nyanja ngati cha ku Karonga ndi mdani wa zonsezi: tepi imachita nkhungu ndi kumatirira, filimu yakale imayamba kununkha ngati viniga kenako n'kukwinyika. Deki yoonetsera VHS inasiya kupangidwa mu 2016. Masewero a Du Chisiza Jr., amene anamwalira mu 1999, ndi a Gertrude Kamkwatira, amene anamwalira mu 2006, anaseweredwa m'nyengo ya tepi, ndipo chilichonse chimene chinajambulidwa pa iwo chikukalamba pamodzi ndi tepiyo.

Chotsutsa cholemera kuposa zonse n'chakuti dziko losowa mankhwala m'zipatala silingaike ndalama pa matepi. Sindikuchipeputsa. Koma kusunga mbewu ya filimu ya masiku ano sikufuna nyumba zoziziritsa za mamiliyoni monga zinkafunira filimu zakale zogwira moto. Kumafuna makope awiri kapena atatu osafinyidwa, oikidwa malo osiyana, kaundula wolembedwa bwino, ndi munthu wolipidwa woti aziwasamutsira pa zosungira zatsopano pakapita zaka zingapo. Dziko lino lili kale ndi National Archives ku Zomba kuyambira 1947, ndipo lamulo limalamula wosindikiza buku kupereka kope kumeneko. Lamulo limenelo linalembedwa poganizira mapepala. Mzimu wake ndi umene uyenera kufika pa filimu, kuti wopanga aliyense akamakalembetsa ntchito yake azisiyanso mbewu yake m'manja otetezeka, ndi chitsimikizo chakuti sikakoperedwa popanda chilolezo chake.

Ndipo zoyenera kusungidwa si za ku Blantyre ndi Lilongwe zokha. Kuyambira pamene kamera za vidiyo zinatchipa, anthu a ku Karonga akhala akudzijambula okha: makwaya a mipingo, magule a mapenenga ndi ndolo, maukwati, miyambo ya kwa a Kyungu, zivomezi za mu Disembala 2009, kutsegulidwa kwa mgodi wa Kayelekera chaka chomwecho, kusefukira kwa North Rukuru. Ojambulawo sankaganiza kuti akulemba mbiri, koma zaka 50 zikubwerazi wofuna kudziwa mmene Kyangonde chinkamvekera, mmene anthu ankavalira ndi mmene tauni inkaonekera adzafuna matepi amenewa kuposa malipoti a boma. Karonga ali ndi mwayi umene maboma ambiri alibe, pakuti kuyambira 2004 ali ndi nyumba yakeyake ya chikhalidwe ndi zakale, mmene mwaima chifanizo cha mafupa a Malawisaurus, chinyama chimene chinayenda m'dera lino zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Boma limene laphunzira kusamala fupa lakale chotero lingathe kusamala tepi ya zaka 25. Pempho langa likupita kwa oyendetsa nyumba imeneyi, kwa khonsolo, kwa mafumu ndi kwa atsogoleri a mipingo: itanani anthu abweretse matepi ndi zimbale zimene zili m'masutikesi, zisamutsidwe madeki otsala asanafe, mwini abwezeredwe chake pamodzi ndi kope labwino. Ndipo inu amene muli ndi tepi ya ukwati wa makolo anu pansi pa bedi, ichotseni pachinyezi lero, mulembepo chaka ndi maina a anthu amene alimo.